Fab Lab: Malo Opangira Zinthu ndi Makina Oyendera Kompyuta

Fab Lab ndi malo a ntchito zaumisiri momwe muli makina oyendera kompyuta, ndipo munthu wamba amaloledwa kulowamo kuti adzipangire chimene akufuna. Munthuyo amajambula chinthucho pa kompyuta ndi miyeso yake yonse, kenako makina amadula, kusema kapena kuumba motsatira chojambulacho. Kale ntchito yotere inali ya mafakitale akuluakulu okha, komwe chinthu chimapangidwa chambirimbiri kuti ndalama zibwerere. Masiku ano n'zotheka kupanga chinthu chimodzi chokha, choyenera munthu mmodzi, n'kuchigwira m'manja tsiku lomwelo.

Makina otsatira manambala si achilendo. Oyamba osema chitsulo mwa njirayi anaonetsedwa mu 1952 pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, koma kwa zaka zambiri anali aakulu ndi odula zedi. Zinthu zinayamba kusintha pa sukulu yomweyo mu 1998, pamene Neil Gershenfeld anayambitsa phunziro la mmene munthu angapangire pafupifupi chilichonse. Iye ankayembekezera ophunzira ochepa a zauinjiniya, koma kunabwera ambiri, ena a zojambulajambula ndi zomangamanga, ndipo aliyense ankafuna kupanga chinthu chomwe m'sitolo mulibe. Mu 2001 pa MIT pomwepo panakhazikitsidwa likulu la kafukufuku lotchedwa Center for Bits and Atoms, ndipo kuchokera kumeneko ganizo linabadwa lotengera makinawa kunja kwa mpanda wa yunivesite.

Malo oyambirira sanali m'mizinda yolemera yokha. Mu 2002 Fab Lab inatsegulidwa pa sukulu ya Vigyan Ashram m'mudzi wa Pabal ku India. Ina inakhazikitsidwa ku Lyngen, kumpoto kwenikweni kwa Norway, komwe oweta nkhosa ankafuna tizipangizo ta wailesi todziwira kumene ziweto zawo zili m'mapiri. Mu Africa yoyamba inali ya pa Takoradi Technical Institute ku Ghana mu 2004, ndipo South Africa inatsatira ndi malo angapo, kuphatikizapo a ku Soshanguve pafupi ndi Pretoria. Bungwe la Fab Foundation linayamba mu 2009 kuti lizilumikiza malowa, omwe tsopano apitirira 2,000 m'maiko oposa 100. Palinso malo ena ambiri ofanana nawo omwe sali m'gulu limeneli, ongotchedwa makerspace, m'malaibulale, m'masukulu ndi m'nyumba zochita lendi.

Makina a mu Fab Lab ali m'magulu awiri: ochotsa ndi owonjezera. Mwa ochotsa, otanganidwa kwambiri nthawi zambiri ndi odula ndi kuwala kwa laser. Kuwalako kumaunjikidwa pa kadontho kakang'ono kotentha koopsa, n'kumayenda pa pulayiwudi, katoni, chikopa kapena pulasitiki, ndipo ntchito yomwe ikanatenga tsiku ndi sowo imatha m'mphindi zowerengeka. Pali makina a CNC, omwe ali ndi kampeni kozungulira kosema thabwa lathunthu la mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali, mokwanira kutulutsa mipando, madesiki ndi zitseko zolowana bwino popanda msomali. Ena aang'ono a mtundu womwewo amasema timabolodi ta zamagetsi tonga tomwe timapezeka m'kati mwa wailesi. Pambali pamakhala tebulo la mawaya ndi zolumikizira, ndiponso timakompyuta tating'ono ngati Arduino, yomwe inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005.

Owonjezera ndiwo otchuka, makina osindikiza a 3D. Ambiri amagwiritsa ntchito ulusi wa pulasitiki wonenepa mamilimita 1.75, wokulungidwa pa gudumu. Ulusiwo umakokedwera m'kamlomo kotentha pafupifupi madigiri 200, umasungunuka, ndipo kamlomoko kamayenda uku kakuyala kamzere kopyapyala. Kakamaliza mzere wapansi kamakwera pang'ono, kawirikawiri mamilimita 0.2, n'kuyala wina pamwamba pake, mpaka chinthu chonse chitaimirira. Pulogalamu ya pa kompyuta ndiyo imagawa chojambula m'mizere imeneyi ndi kulemba malangizo a kayendedwe ka kamlomo. Pulasitiki yofala kwambiri, yotchedwa PLA, imapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe.

Njira yosindikiza imeneyi anaitulukira Scott Crump kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kampani yake ya Stratasys inali ndi chilolezo choti ndiyo yokha ipange makina otere. Mu 2005 Adrian Bowyer wa pa yunivesite ya Bath ku England anayamba ntchito ya RepRap, makina otha kusindikiza zina mwa ziwalo zawo zomwe, ndipo mapulani ake anawaika poyera kuti aliyense atenge ulere. Chilolezo chija chitatha mu 2009, makampani aang'ono anachuluka, mitengo inagwa, moti lero makina abwino ndithu amagulidwa ndi madola mazana ochepa. Komabe mbiri yawo imaposa mphamvu zawo. Amachedwa, kanthu kokwana m'dzanja kamatha kudya maola angapo, ndipo kamathyoka msanga molondola mizere ija. PLA imafewa ikasiyidwa m'galimoto padzuwa. Wofuna makapu 10,000 apite ku fakitale. Makinawa amapambana pamene pakufunika chinthu chimodzi kapena khumi, chomwe sichipezeka pafupi.

Chimene chimasiyanitsa Fab Lab ndi shopu ya munthu ndi malamulo ake. Malowa amayenera kutsegulira anthu onse nthawi ina pa sabata, ulere kapena posinthana ndi ntchito. Wogwiritsa ntchito makina ali ndi udindo wosavulaza anthu ndi makinawo, wothandiza kusesa ndi kukonza, ndiponso wolemba zomwe waphunzira kuti ena apindule. Bizinesi imaloledwa kuyambira m'menemo, koma ikakula iyenera kutuluka kuti isatsekereze ena. Kayendetsedwe kake kamafanana ndi chigayo: si banja lililonse lingagule makina, koma aliyense amabwera ndi thumba lake n'kubwerera ndi ufa wake. Popeza malo onse amayesetsa kukhala ndi makina ofanana, fayilo yojambulidwa ku Barcelona imatha kutumizidwa pa intaneti n'kudulidwa ku Kigali popanda kusintha zambiri. Katundu sakwera sitima, chimayenda ndi chojambula chokha.

Phindu la zimenezi laoneka bwino pa zaumoyo ndi pa nthawi ya mavuto. Mu 2011 kalipentala wa ku South Africa, Richard Van As, anaduka zala ndi makina ochekera matabwa. Anagwirizana pa intaneti ndi Ivan Owen wa ku America, ndipo awiriwa anapanga dzanja lochita kupanga lomwe zala zake zimapindika munthu akapinda mkono. Ataika mafayilo ake poyera, kunabadwa gulu la anthu odzipereka lotchedwa e-NABLE, losindikizira ana manja otere. Kwa mwana n'zofunika kwambiri, chifukwa amakula msanga ndipo dzanja lodula limamuchepera pasanathe nthawi. Chivomerezi cha mu 2015 chitagwedeza Nepal, bungwe la Field Ready linkasindikiza zolumikizira mapaipi a madzi pamalo pomwepo. Mu March 2020, chipatala cha ku Chiari, pafupi ndi Brescia ku Italy, chinasowa mavavu a zipangizo zothandiza odwala Covid-19 kupuma, ndipo kampani yaing'ono ya Isinnova inasindikiza pafupifupi 100 m'masiku ochepa. Ku Lomé m'dziko la Togo, pa malo otchedwa WoeLab, Afate Gnikou anapanga makina osindikiza a 3D mu 2013 pogwiritsa ntchito zidutswa za makompyuta ndi masikana otayidwa.

Zina mwa nkhani zimenezi zili ndi mutu umodzi, kusowa kwa sipeya. M'zipatala zambiri za mu Africa muli zipangizo zodula zomwe zaima chifukwa cha kagiya kapena kachivindikiro kothyoka, pomwe opanga ake ali kutsidya kwa nyanja ndipo ena analeka kale kupanga mtunduwo. Kuno ku Malawi, sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, yomwe tsopano ndi MUBAS, ndi ya MUST ku Thyolo zili ndi zipinda za makina otere zomwe zinakhazikitsidwa mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America, ndipo ophunzira amayeseramo kupanga ndi kukonza zipangizo zachipatala. Pa ntchito yotere m'pofunika kusamala, chifukwa chinthu chokhudza thupi la wodwala chiyenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa, ngakhale chitaoneka bwino chotani.

Zovuta zake n'zosabisika. Mu 2012 Gershenfeld analemba kuti makina a Fab Lab imodzi yoyambirira anadya pafupifupi madola 50,000, osawerengera zipangizo zodulidwa ndi kusungunulidwa tsiku ndi tsiku. Ulusi wa pulasitiki, timipeni tosemera ndi machubu a laser zimaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. Magetsi akathima pakati pa ntchito ya maola asanu ndi atatu, nthawi zambiri chinthucho chimatayidwa, choncho mabatire ndi sola ziyenera kulowa m'bajeti kuyambira pachiyambi. Ngozi ziliponso. Laser imayatsa moto ikasiyidwa yokha, pulasitiki ya PVC ikadulidwa nayo imatulutsa mpweya wa poizoni, ndipo fumbi la CNC limawononga mapapo ngati mulibe chopopera kunja.

Vuto lalikulu koposa ndi la anthu. Kugula makina n'kosavuta poyerekeza ndi kusunga katswiri wolipidwa mwezi ndi mwezi, wodziwa kuwakonza ndi kuphunzitsa obwera kumene. Kujambula pa kompyuta ndi luso lotenga miyezi, ngakhale mapulogalamu ena, monga FreeCAD ndi Inkscape, ndi aulere. Malo ena amatsegulidwa ndi thandizo la zaka ziwiri kapena zitatu, thandizolo likatha chitseko chimatsekedwa, makina n'kumachita fumbi. Omwe amakhalitsa amakhala ndi popezera ndalama pawo, monga zopereka za mamembala, maphunziro olipira ndi maoda a zikwangwani, zikho ndi mipando.

Amakhalitsanso akalumikizana ndi amisiri omwe alipo kale. Akalipentala, owotcherera, osula zidebe, atelala ndi okonza mafoni amadziwa bwino chimene chimathyokathyoka, chimene makasitomala amafunsa, ndi mtengo womwe angalipire. Wophunzira wodziwa kompyuta amabweretsa muyeso wolondola ndi njira yobwereza chinthu osaphonya. Fab Lab yotsekeredwa m'kati mwa yunivesite, yomwe mmisiri wa pamsika saloledwa kulowamo, imathandiza ophunzira ake okha ndipo siikwaniritsa lamulo lotsegulira anthu onse lomwe malowa anakhazikitsidwira.