Mpopi Umodzi, Alendi Akuchuluka: Mbiri ya Madera a Aphungu ku Blantyre

Pa puloti ina iliyonse ku Chinyonga mungaone momwe dera la phungu limakalambira. Alandilodi amayamba ndi nyumba imodzi ndi mpopi umodzi pakhomo. Pakapita zaka amamanga tinyumba kuseri, pomwe kale pankalimidwa chimanga. Alendi achuluka, koma mpopi ndi womwe uja, ndipo m'mawa zigubu zimandandalika mpaka pageti. Phungu ndiye mpopiwo; ovota ndiwo alendi.

Dziko lathu lakhala likuwonjezera mipopi pang'onopang'ono. Mu 1964 Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 53. Pa chisankho cha matipate cha 1994 inafika 177, ndipo mu 1999 inakwana 193. Kenako zinthu zinaima. Malamulo aakulu a dziko ankati bungwe loyendetsa zisankho la MEC liziunikanso malire a madera pasanathe zaka zisanu, poyang'ana chiwerengero cha ovota, kuthinana kwa anthu, mayendedwe ndi maonekedwe a malo. Koma tinavota mu 2004, 2009, 2014 ndi 2019 ndi mipando 193 yomwe ija.

Nthawi yonseyi Blantyre inali ndi madera 13. Ena anali a m'tauni, monga Malabada, Kabula ndi Bangwe. Ena anali akumudzi, ndipo limodzi linkanena poyera m'dzina lake: Blantyre Rural East, komwe a Henry Phoya, omwe anakhalapo nduna ya zachilungamo, anali phungu. Vuto ndi lakuti tauni simvera mzere wolembedwa papepala. Kalembera wa 1998 anapeza anthu opitirira pang'ono 500,000 mumzindawu; wa 2018 anapeza oposa 800,000. Anthu owonjezerekawo sanakwere kumwamba ayi. Anagula malo kwa mafumu m'mphepete mwa mzinda, cha ku Machinjiri, Chileka ndi Mpemba, minda nkusanduka mapuloti. Munthu amagona "kumudzi" koma amadzukira minibasi ya ku Limbe, ndipo zomwe akufuna kwa phungu wake si feteleza yekha: akufuna ngalande, mlatho ndi madzi.

Apa mpomwe nkhani ya mpopi imawawa. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, lomwe linayamba mu 2006, limagawidwa mofanana pa dera lililonse, posawerengera kuti mukukhala anthu angati. Dera lothinana limatunga chimodzimodzi ndi dera la anthu ochepa. Nayonso voti imapepuka: mawu a munthu wa pamzere wautali salemera ngati a mnzake wa pamzere waufupi, chonsecho onse ndi nzika.

Ntchito yodulanso malire inachitika mu 2021 ndi 2022, MEC ikutsogozedwa ndi Justice Chifundo Kachale. Aphungu anavomereza madera 229, ndipo mawodi a makhansala anachoka pa 462 kufika pa 509. Pa 16 Sepitembala 2025 tinavotera malire atsopanowa, mndandanda wakale uja nkupita kukapuma.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi mayina. Akale ambiri ankangoloza kum'mawa kapena kumwera, moti munthu wa ku Chinyonga, yemwe akuona holo ya Comesa ku Chichiri komwe zotsatira za dziko lonse zinkalengezedwa, ankatha kukanda mutu mutamufunsa ngati ali ku City South, City East kapena City Centre. Atsopano akutchula malo omwe kondakitala amakuwa pa siteji: Soche-Zingwangwa, Chilomoni-Kabula-Nancholi, Ndirande-Malabada-Nyambadwe. Ndi aatali, olemba zikwangwani akuvutika nawo, koma agogo akawamva akudziwa kwawo.

Komabe mpopi watsopano umabwera ndi bilu yake. Mipando 36 yowonjezera ndi malipiro 36, ngongole za galimoto 36 ndi ndalama za mafuta mwezi ndi mwezi, zonse zochokera m'misonkho ya alendi omwewo. Ndipo ku Mpemba njerwa zikuwotchedwabe, kutanthauza kuti MEC ikapanda kuunikanso malire pa nthawi yake, zigubu ziyambanso kundandalika.