Munthu ali moyo, koma pamkono palibe kugunda

Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu. Mwamva kugundako? Ndiye tangoganizani mtsikana akuyenda, akulankhula bwinobwino, koma nesi akufunafuna kugunda pamkono wake osakupeza. Nditamva koyamba ndinkati ndi nthano, koma ndi matenda enieni otchedwa Takayasu arteritis.

Vuto limayambira mu aorta, mtsempha waukulu kuposa yonse m'thupi. Umachokera kumanzere kwa mtima, n'kupindika ngati chogwirira cha ndodo ya agogo, kenako n'kutsikira m'mimba. Ndi wotambalala masentimita 2 kapena 3, ndipo munthu wamkulu atangokhala phee, magazi pafupifupi malita 5 amadutsamo mphindi iliyonse. Pokhota paja ndi pomwe pamatuluka nthambi zopita kumutu ndi m'mikono.

M'kalasi timaujambula ngati paipi, koma ine fanizo limeneli sindilikonda kwenikweni. Khoma la aorta ndi lamoyo, limatamuka ngati mphira mtima ukagunda. Pa matendawa, maselo oyera, omwe ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amasokonezeka n'kuyamba kuukira khomalo. Limatupa, limapola ndi chipsera, ndiye limakhuthala n'kuuma. Njira ya magazi imachepa. Nthambi yopita kumkono ikapanikizika choncho, kugunda kumazilala, ndipo mkono umatopa msanga ukamasinja kapena kuchapa. Ikakhala ya kumutu, chizungulire. Ikakhala ya ku impso, BP imakwera munthu akadali wamng'ono.

Dzinali ndi la Mikito Takayasu, dokotala wa maso wa ku Japan. Mu 1908 anafotokoza za mitsempha yachilendo m'maso mwa mayi wachitsikana, ndipo madokotala anzake ndi omwe anati odwala awo otere analibe kugunda pamkono.

Matendawa ndi osowa, ndipo amakonda kugwira akazi osakwana zaka 40. Chondidetsa nkhawa n'chakuti amayamba ndi kutentha thupi, kufooka ndi kuphwanya m'thupi. Kwathu kuno aliyense angangoti malungo basi. N'chifukwa chake dokotala akakayikira amayeza BP mikono yonse iwiri. Ikasiyana kwambiri, amatumiza wodwala kukaunikidwa mitsempha ndi makina.

Mankhwala monga prednisolone amachepetsa kutupako, koma chipsera chikakhazikika sangachichotse. Pamenepo nthawi zina pamafunika opaleshoni. Aorta imathanso kutupa chifukwa cha chindoko chomwe chakhala zaka zambiri osachizidwa, pomwe jakisoni wa penicillin akanachithetsa chikangoyamba.