Kusankha tayala lakumbuyo la njinga ya magiya

Anzanga ophunzira, phunziro la lero ndi la njinga. M'midzi yathu ya ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, njinga ndiyo ngolo ya mlimi. Imanyamula chimanga kupita kuchigayo, mbatata kupita kumsika, ndiponso wodwala kupita kuchipatala. Tayala likaphulika panjira, ulendo wonse waima. Mbatata ifika ogula atapita. Wodwala afika mochedwa.

Masiku ano anthu ambiri ali ndi njinga ya magiya, ya matayala onenepa, imene ena amaitcha mauntini baiki. Njinga imeneyi inayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970. Anyamata akumeneko ankaifuna pa masewera otsetsereka m'mapiri. Iwo sankaganiza za thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ife taimangirira kaliyala ndi kuisandutsa bulu. Choncho pogula tayala tiziganiza za ntchito yathu, osati za masewera awo.

Kodi n'chifukwa chiyani tayala lakumbuyo limatha msanga kuposa lakutsogolo? Yang'anani pamene pali mpando. Uli pafupi ndi gudumu lakumbuyo. Munthu akakhalapo, kulemera kwake koposa theka kumapita kumbuyo. Thumba la pakaliyala nalonso limatsamira gudumu lomwelo. Pamene tipalasa, gudumu lakumbuyo ndilo limakankha nthaka. Potsika mtunda, ambiri amagwira buleki yakumbuyo mpaka tayala kukwekwerezeka pansi. Zonsezi zimadya mphira.

Tsopano tiyeni tiwerenge. Tayala lililonse lili ndi manambala m'mbali mwake. Pukutani fumbi ndi kansanza konyowa, muwaona. Pa njinga zambiri za magiya palembedwa chonchi: 26 x 1.95. Nambala 26 ikunena kukula kwa gudumu. Nambala 1.95 ikunena kunenepa kwa tayala. Zonse ziwiri ndi mainchesi, ndipo inchi imodzi imaposa pang'ono masentimita awiri ndi theka.

Koma nambala 26 yokha ikhoza kutinyenga. Alipo matayala ena olembedwa 26 x 1 3/8. Nawonso ayamba ndi 26, koma sakwana pa limu ya njinga ya magiya, chifukwa ndi aakulu. N'chifukwa chake opanga matayala amalembanso manambala ena, monga 50-559. Apa 50 ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Nambala 559 ndi kukula kwa limu pamene tayala limakhala, m'mamilimitanso. Imeneyi ndiyo nambala yosanama. Ngati tayala lanu lakale lili ndi 559, latsopano likhalenso ndi 559. Tayala la 26 x 1 3/8 lija lili ndi 590. Njinga yakuda yachikale, ya mabuleki a zitsulo, kawirikawiri imavala 28 x 1 1/2, ndiye kuti 635. Njinga zina za magiya zatsopano zili ndi magudumu olembedwa 27.5, ndiye kuti 584, kapena 29, ndiye kuti 622. Matayala amenewa sabwerekana.

Musanapite kumsika wa ku Ulónguè kapena wa ku Furancungo, lembani manambala a tayala lanu pa kapepala. Musitolo mudzamva mawu a Chipwitikizi: tayala ndi pneu, chubu ndi câmara de ar. Wogulitsa akati, "Tengani ili, bambo, likwana," inu litembenuzeni, muwerenge nokha, mufananitse ndi kapepala kanu. Wogulitsa amafuna kuti katundu wake atuluke. Amene adzakankhe njinga kuchokera kudambo ndinu.

Nambala ya kunenepa ingathe kusintha pang'ono. Amene anali ndi 1.75 angathe kuika 1.95 kapena 2.10. Tayala lonenepa limalowa mpweya wambiri, motero limasenza bwino katundu ndipo silimira msanga mumchenga. Koma onani mpata umene uli pakati pa tayala ndi zitsulo ziwiri za felemu. Kachala kakang'ono kazilowa mbali zonse. Mpata ukachepa, katondo wa m'dzinja amadzazamo, gudumu n'kuleka kuzungulira. Ndipo limu ikapindika pang'ono, tayala limakhula felemu mpaka kung'ambika m'mbali.

Kenaka tione mano a tayala, timabwampu tija timagwira nthaka. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Anyamata amakonda tayala la mano akuluakulu otalikirana, chifukwa limafanana ndi la thirakitala. Tayala lotero lili ndi ntchito yake. M'matope limagwira bwino, ndipo matope amayoyoka okha pakati pa manowo. Koma pamsewu wa phula kapena panjira youma limalemera kupalasa, limalira, ndipo mano ake amaperepeseka msanga akasenza katundu. Nthawi zina amathothoka ndithu. Kwathu kuno mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo miyezi yotsalayo njira zimakhala zouma. Ine ndikuona kuti kwa mlimi amene ali ndi ndalama ya tayala limodzi lokha, labwino ndi la mano oyandikana pakati, ngati mzere umodzi, ndi mano ena otalikirana m'mbali. Pakati ndi pamene njinga imayendera. Mano a m'mbali amathandiza pokhota ndi poterera. Koma amene amakwera mitunda ya matope tsiku ndi tsiku, monga a m'mapiri a ku Tsangano, asankhe la mano akuya.

Mano si tayala lonse. Pansi pa mphira pali nsalu ya ulusi, ndipo m'milomo iwiri ya tayala muli waya. Izi ndizo zimasenza katundu. Finyani tayala m'mbali ndi zala. Ngati ndi lopyapyala ngati chikopa cha mbuzi, ndi la masewera, lisiyeni. Lipindeni pang'ono padzuwa. Mukaona timing'alu, dziwani kuti mphira wake ndi wakale, ngakhale mano ali onse. Matayala a kaunjika ambiri ali ndi matenda amenewa. Yendetsaninso chala m'milomo monse. Waya akakhala woonekera kapena wopindika, tayalalo lidzavuka pa limu.

Pali funso limene limabwera kawirikawiri m'kalasi: kodi tayala lakumbuyo likayamba kutha, ndingalisinthanitse ndi lakutsogolo? Ayi, musatero. Tayala lakumbuyo likaphulika, njinga imagwedezeka koma munthu amatha kuima. Lakutsogolo likaphulika potsika mtunda, chiwongolero sichimvera ndipo munthu amagwa chafufumimba. Tayala lotha malo ake si kutsogolo. Chimene chimatheka ndi ichi: ngati lakutsogolo likadali lolimba, lisamutsireni kumbuyo, latsopano muike kutsogolo. Koma ngati lakutsogololo ndi lopyapyala ndipo inu mumanyamula matumba kapena makala, lisiyeni pomwepo, kumbuyo mugulire lolimba.

Chubu chikhale cha manambala ofanana ndi tayala. Onaninso vavu, chifukwa ilipo mitundu itatu. Ina ndi yonenepa ngati ya galimoto, ina ndi yachikale ya kamphira m'kati, ina ndi yoonda ya kanati kumutu. Tengani imene pampu yanu imagwira ndipo imalowa pa bowo la limu.

Pomanga, funani kamuvi kolembedwa m'mbali mwa tayala, kawirikawiri pafupi ndi mawu akuti ROTATION. Kamuviko kaloze kumene gudumu limazungulirira njinga ikamapita kutsogolo. Matayala ena ali ndi timivi tiwiri: ka FRONT ndi ka kutsogolo, ka REAR ndi ka kumbuyo. Musanatseke, onani ngati lamba wa m'kati mwa limu akuphimba mitu yonse ya masipoko.

Za mpweya zalembedwanso pa tayala, monga 40-65 PSI. Nambala yoyamba ndi mpweya wochepetsetsa, yachiwiri ndi malire osayenera kupitirira. Pampu zathu zambiri zilibe geji, choncho tiyesa ndi maso. Mangani katundu, khalani pampando, mnzanu ayang'ane tayala lakumbuyo. Liphwatalale pang'ono chabe. Likaphwatalala kwambiri, limu idzatsina chubu pamwala woyamba. Mukadzatulutsa chubu n'kupeza timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka, musafune munga. Mpweya unali wochepa. Matani mabowo onse awiri, ndipo popani mokwanira musanakwezenso thumba.