Minofu Siimera Usiku Umodzi

Mnyamata aliyense amafuna chifuwa chotambasuka ndi mikono yolimba, ndipo ife a m'seminale sitisiyana ndi anzathu. Vuto ndi lakuti ambiri timafuna thupi lotere msanga, mwakuti ena amavulala msana ponyamula zitsulo zoposa msinkhu wawo. Tsono ndati ndifotokoze m'mene minofu imakulira. Pamafunika zinthu 3: ntchito, chakudya ndi mpumulo.

Tiyambe ndi ntchito. Mnofu ukagwira ntchito yoposa imene unazolowera, timitsitsi take timatopa, tina n'kung'ambika pang'ono. Thupi pokonza timitsitsi timeneti limatikhwimitsa kuposa kale. Nchifukwa chake katundu amayenera kuonjezedwa pang'onopang'ono: amene wachita mapushapu 10 sabata ino ayese 12 sabata yamawa. Malangizo a bungwe la WHO a 2020 amati achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi mphindi 60 patsiku, ndipo masiku 3 pasabata azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa. Mapushapu, kunyonyomala n'kudzuka, ndi kudzikoka pamtanda wa chitsulo n'zokwanira kwa woyamba kumene. Nalo khasu la kumunda wa seminale tisalinyoze: limalimbitsa msana ndi mapewa.

Chachiwiri ndi chakudya. Nsima, mbatata ndi chinangwa zimapatsa mphamvu, koma njerwa zomangira mnofu ndi mapuloteni. Munthu wamkulu amafuna magalamu 0.8 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pamene wochita masewera olimba amafuna 1.2 mpaka 2. Choncho mnyamata wolemera makilogalamu 60 afunika magalamu osachepera 72. Kodi awapeza kuti? Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, mtedza wolemera magalamu 100 uli ndi 25, soya wouma 36. Usipa ndi matemba zili ndi ochuluka koposa apa, ndipo minga yake imalimbitsa mafupa. Nyemba za kunyumba yodyera zimene timadandaula nazo zija ndi ndiwo za amuna amphamvu. Masamba, zipatso ndi madzi tisaziiwale.

Chachitatu ndi mpumulo. Mnofu sukula uli pabwalo, umakula tikugona. Umene wagwira ntchito yolimba upatsidwe maola ngati 48 usanalemetsedwenso, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Belu logonera ndi bwenzi lathu.

Kwa inu makolo ndikuti: musataye ndalama za fizi pogula ufa wa m'zitini wonenedwa kuti umatupitsa minofu. Thumba la mtedza lingathandize mwana wanu mokwanira. Koposa zonse tipewe mankhwala otchedwa masiteroidi. Amaononga chiwindi ndi mtima, ndiponso angathe kuimitsa msinkhu wa mnyamata amene akukula.

Kodi wansembe wamawa mphamvu n'zachiyani? Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anayendera Malawi mu 1989, ali mnyamata ankagwira pagolo, ndipo ngakhale atakhala Papa ankasambira ndi kukwera mapiri. Wansembe amayenda mitunda italiitali kukafika ku matchalitchi a kumidzi ndi kwa odwala. Tilimbitse matupi kuti tidzatumikire nawo, osati kuti tidzionetsere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anzanga: miyezi 2 kapena 3 ya khama idzaonetsa kusintha.