Liwu la Chingerezi lakuti "creature" ndi kaphunzitsidwe kake

Ophunzira akakumana ndi liwu lakuti "creature" m'buku loŵerenga, ambiri a ife timafulumira kulemba pa bolodi kuti tanthauzo lake ndi "cholengedwa", kenaka nkupitiriza phunziro. Yankholi si lolakwika, koma ndi lopereŵera, ndipo kupereŵera kwakeko kumadzaonekera m'zimangirizo za ana.

Gwero la liwuli ndi mneni wa Chilatini wakuti "creare", ndiko kuti kulenga. Kwa mneniyu kunachokera dzina lakuti "creatura", chinthu cholengedwa. Dzinali linaloŵa m'Chingerezi cha m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa chakale, chimene chinali chiyankhulo cha olamulira ku England chigonjetsere Anormani dzikolo mu 1066. Tikayang'ana kapangidwe kake, tiona kuti sikasiyana ndi kathu: monga ife timatenga "cholengedwa" ndi "Mlengi" kwa mneni wakuti "kulenga", Angerezi nawonso ali ndi "creature" ndi "Creator". Kufanana kumeneku nkosangalatsa, komanso ndiko kumatinyenga.

Kale liwuli linkaimira chilichonse cholengedwa, ngakhale chopanda moyo monga chakudya ndi zakumwa. Tanthauzo lakaleli latsalira m'mawu akuti "creature comforts", onena zinthu zokondweretsa thupi monga chakudya chabwino ndi pogona pofunda. Koma m'Chingerezi cha lero "creature" ndi chamoyo chimene chimayenda chokha, ndipo zomera siziŵerengedwamo. M'Chicheŵa mlambe ndi cholengedwa, phiri la Mulanje ndi cholengedwa, koma mwana wolemba kuti zimenezi ndi "creatures" walakwa. Ndipo walakwa chifukwa chotsata mokhulupirika zimene tinamulembera pa bolodi.

Tisiyanitsenso liwuli ndi linzake lakuti "animal", lochokera ku liwu la Chilatini lakuti "anima", mpweya kapena moyo. Limeneli ndilo loyenera m'phunziro la sayansi. "Creature" limabwera kaŵirikaŵiri pamene woyankhula akudabwa, akuopa kapena akumva chifundo, kapenanso pamene sakudziŵa dzina la chimene waona: kachilombo ka pansi pa mwala, chamoyo cha pansi pa nyanja, chilombo cha m'nthano. M'buku la Mary Shelley lotchedwa Frankenstein, lofalitsidwa mu 1818, chinthu chimene munthu anaumba nkuchipatsa moyo chilibe dzina, ndipo "creature" ndi limodzi la mawu amene chimatchulidwa nawo.

Pamene pafunika kusamala koposa ndi ponena za munthu. Kunena kuti "poor creature" ndiko kumvera munthu chisoni, monga timanenera kuti "kamwana komvetsa chisoni". Kunena kuti nduna ndi "creature" wa mfumu ndiko kuinyoza kuti ndi chidole chabe, yopanda maganizo akeake. Tsono mwana amene akufuna kutamanda agogo ake m'chimangirizo nalemba kuti iwo ndi "creature" wokalamba, wawachepsa osadziŵa.

M'kalasi sitifunika kufotokoza mbiri yonseyi. Tilembe pa bolodi mayina monga nkhono, birimankhwe, chimanga, mwala, chambo ndi mlambe. Poyamba tifunse ana kuti ndi ziti mwa izi zili zolengedwa, ndipo adzati zonse. Kenaka tiwafunse kuti ndi ziti zimene zimayenda zokha, nazilembe mzere kunsi. Zokhazo zolembedwa mzere ndizo tizitchule "creatures", ndipo mwana aliyense apange chiganizo cha Chingerezi ndi chimodzi mwa izo.