Musanapite Kukayezetsa Galimoto: Zofunika Kudziwa za COF

Pa galasi lakutsogolo la galimoto iliyonse yoyenda m'misewu ya Malawi pamayenera kukhala kapepala kosonyeza kuti galimotoyo inayezedwa ndipo inapezeka yoyenera kuyenda. Tonse timangoti COF, chidule cha Certificate of Fitness. Lamulo la zapamsewu la 1997, Road Traffic Act, ndilo maziko a zonsezi, ndipo oyang'anira ntchitoyi ndi a Directorate of Road Traffic and Safety Services, nthambi ya unduna wa zamtengatenga yomwe anthu amangoitchula kuti ku Road Traffic. Galimoto ya munthu payekha imayezedwa kamodzi pachaka. Zonyamula anthu molipiritsa, monga maminibasi ndi mabasi, zimayezedwa miyezi 6 iliyonse, chifukwa zimayenda tsiku ndi tsiku ndipo zikagwa zimagwa ndi anthu ambiri.

Vuto n'lakuti ambiri timaiona COF ngati chikalata chongotsekera pakamwa apolisi apamsewu. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa munthu kukumbukira zoyezetsa litatsala tsiku limodzi, n'kuyamba kuthamangathamanga. Komatu kwa galimoto zambiri za kuno, tsiku loyezetsa ndi tsiku lokhalo pachaka limene munthu wodziwa, wopanda chokugulitsani, amalowa kunsi kwa galimotoyo n'kuiyang'ana. Mwayi umenewu si wotaya. Yambani kukonzekera kutatsala masabata 2 kapena 3, kuti mukapeza chofunika kugula mukhale ndi nthawi yofunafuna ndalama ndi sipeya yeniyeni.

Yambirani pa mapepala. Tengani bulubuku, mutsegule boneti, muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwa m'bukumo ndi zomwe zadindidwa pachitsulo. Chilembo chimodzi chikasiyana, nkhani imathera pomwepo, mabuleki asanakhudzidwe n'komwe. Apa ndi pamene amagwa anthu amene anasintha injini kugalaja osakanena ku Road Traffic, kapena anapenta galimoto mtundu wina, kapenanso anagula galimoto kwa mnzawo osasintha umwini. Zonse za galimoto ndi eni ake zimasungidwa pakompyuta, mu dongosolo lotchedwa MalTIS, choncho zomwe zili mmenemo ndi zomwe woyeza amatsata. Konzani zimenezi kaye. Onetsetsaninso kuti inshulansi sinathe, kuti khadi lanu la ku Road Traffic muli nalo, ndipo nambala zonse ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, zikuwerengeka bwino.

Tsopano mabuleki, pomwe pagona nkhani yonse. Kumalo oyezera, matayala amaikidwa pa zitsulo zozungulira, woyeza n'kuponda buleki, makina n'kuonetsa mphamvu imene tayala lililonse likugwira nayo. Safuna kungodziwa ngati galimoto ikuima ayi. Amafuna kuona ngati lakumanja ndi lakumanzere zikugwira mofanana, chifukwa mbali imodzi ikaposa inzake, tsiku limene mudzaponde mwadzidzidzi galimoto idzakhotera kumene simunafune. Zimenezi mungaziyese nokha. Pezani msewu wowongoka wopanda anthu, yendani pang'onopang'ono, pondani buleki mutagwira chiwongolero mopepuka, mumve ngati ikukokera mbali. Kenako imani, injini ikulira, pondani buleki n'kuigwira choncho. Phazi likamamira pang'onopang'ono, mafuta a mabuleki akutayika penapake kapena mpope wake watha. Suzumirani kuseri kwa tayala lililonse: ngati pali ponyowa, papezeka. Kulira kwa chitsulo pachitsulo mukamaima kumasonyeza kuti mapadi anatha kalekale.

Pali china chomwe makina oyezera sangachione. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akamakalamba, ndipo akatentha kwambiri madziwo amawira, buleki n'kungolowa pansi popanda kugwira. Izi sizichitika kawirikawiri mutauni. Zimachitika potsetsereka patali, monga potsika phiri la Chiweta kapena pamsewu wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, galimoto italemedwa, dalaivala ataponda buleki kwa nthawi yaitali. Opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka 2. Funsani amakaniko anu kuti anasintha liti komaliza. Handibuleki nayo iyeseni pamtunda: iyenera kuigwira galimoto yokha, popanda giya kapena mwala kutayala.

Matayala ndi pamene timadzinamiza kwambiri. Mkati mwa mizere ya tayala muli timizere tina topingasa, totukuka pang'ono, timene opanga anaika pa mamilimita 1.6. Mphira ikadyeka mpaka kufanana ndi timizere timeneti, tayalalo latha, ngakhale likuoneka lakuda bwino. Yang'ananinso m'mbali: chotupa, mng'alu kapena waya woonekera n'zokwanira kukubwezani. Zaka za tayala zinalembedwa pomwepo. Pafupi ndi zilembo za DOT pamakhala manambala 4. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lakale limauma n'kuyamba kusweka ngakhale mizere ili yozama, ndipo ambiri mwa matayala akaunjika amene timagula motchipa ndi otere. Galimoto zochokera ku Japan nthawi zina zimabwera ndi matayala a nyengo yachisanu, okhala ndi timizere tambirimbiri ting'onoting'ono. Mphira yake ndi yofewa, yopangira kuyenda pa chipale, ndipo pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala imadyeka msanga n'kutalikitsa poimira.

Pali chizolowezi chobwereka matayala abwino kwa mnzako m'mawa, kukayezetsa, madzulo n'kubweza. Ena amabwereka ngakhale chozimitsira moto. Ndimachitsutsa ndi mtima wonse, makamaka pa minibasi, chifukwa mayi amene wakwera ndi mwana kumsana pa depoti anakhulupirira kapepala kali pagalasi paja, pomwe matayala amene anayezedwa ali pagalimoto ina.

Woyeza akatsikira m'dzenje loyezera amakagwedeza ziwalo za chiwongolero ndi zonyamula galimoto. Misewu yathu ya maenje imadya msanga ma ball joint, ma tie rod end ndi mabushi. Kwezani galimoto ndi jeke, gwirani tayala ndi manja awiri n'kuligwedeza cham'mbali, kenako chokweza ndi chotsitsa. Likamachita khobokhobo, pali chatha. Dinikizani ngodya iliyonse ya galimoto n'kuisiya. Ikapitiriza kunjanja, mashoko afooka. Woyeza ali kunsiko amaonanso mafuta odontha, paipi ya utsi yobooka, ndi dzimbiri kapena zowotcherera pa chasisi. N'chifukwa chake n'kwanzeru kutsukitsa galimoto ndi kunsi komwe, kuti matope asabise kanthu kwa iye ndi kwa inu.

Magetsi savuta, bola mukhale awiri: wina akuyatsa, wina akuzungulira. Aakulu, ang'ono, okhotera mbali zonse, a buleki, obwerera m'mbuyo, ndi kababu kowalitsa nambala yakumbuyo kamene aliyense amakaiwala. Magetsi akutsogolo amayezedwanso kumene akuloza. A galimoto za ku Japan amaweramira kumanzere, zomwe zimagwirizana ndi kuno poti mayiko onsewa timayenda kumanzere kwa msewu. Koma galimoto ya chiwongolero chakumanzere, yopangidwira mayiko oyenda kumanja, imathira kuwala m'maso mwa amene mukupatukana nawo, ndipo iyenera kukonzedwa. Zotsalazo n'zodziwikiratu: hutala ilire, mawaipa apukute, magalasi oonera m'mbuyo akhalepo onse, galasi lakutsogolo lisakhale ndi mng'alu pamene dalaivala amayang'ana, malamba amange n'kumasuka, zitseko zitseguke mkati ndi kunja komwe. Zonyezimira zikhale zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. M'buti mukhale tayala la sipeya lopopa, jeke, sipanala ya mawilo, mathirayango 2 ndi chozimitsira moto chomwe sichinathe mphamvu.

Tsiku loyezetsa pitani nokha, m'mawa, galimoto ilibe katundu. Mungapite ku ofesi za Road Traffic, monga za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, kapena kumalo a makampani amene boma linawaloleza kuyeza. Lipirani ndalama yolembedwa, kumalo ovomerezeka, ndipo mulandire lisiti. Pachipata mudzakumana ndi madobadoba okulonjezani kuti zonse zitheka msanga, ena mpaka kunena kuti galimoto isabwere n'komwe. Akaneni. COF yotuluka galimoto ili kunyumba ndi yachinyengo, wolipira naye amakhala wapalamula, ndipo ngozi ikachitika, a inshulansi ndi apolisi amafufuza mmene galimotoyo inalili, osangoona kapepala.

Galimoto ikalephera, musakangane ndi woyeza ndipo musam'patse kanthu. Muli ndi ufulu wodziwa chimene chalepheretsa. Pemphani kuti akulembereni zonse, ndipo ngati n'kotheka akulozereni ndi chala, kuti amakaniko asakakuwonjezereni zina zosafunika. Funsaninso pomwepo kuti mwapatsidwa masiku angati obwerera komanso ngati pali cholipira china. Mukakonza, bwererani ndi pepala lomwelo.

Ikakhoza, musathamangire kumata. Werengani kaye zolembedwa pa COF: nambala ya galimoto, ya chasisi, ndi tsiku lothera. Cholakwika chimakonzeka mosavuta mukadali pawindo kusiyana ndi pamene mwaimitsidwa pa lodibuloko ku Zalewa. Tsiku lotheralo lilembeni mufoni, ndipo muike chokukumbutsani kutatsala mwezi.