Maluwa a m'makomo mwathu adachokera kuti?

Munthu woyenda pamsewu wa Blantyre-Zomba, akamadutsa pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi m'boma la Chiradzulu, amaona mipanda ya maluwa ofiira, ofiirira ndi achikasu pamasukulu, pamatchalitchi ndi m'makomo. Maluwawa adakhazikika kotero kuti ambiri amawayesa akonkuno, chonsecho ochuluka ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Kudziwa kwawo kwa chomera kumathandiza kuchisamala moyenera, komanso kuzindikira msanga chimene chingasanduke mliri m'munda.

Chitsamba chodziwika kwambiri pamipanda ndi bougainvillea, chimene kwawo ndi ku South America. Akatswiri a zomera a ku France adachipeza ku Brazil m'zaka za m'ma 1760, paulendo wa panyanja womwe ankautsogolera Louis Antoine de Bougainville, ndipo dzina lake lidachokera pamenepo. Zimene anthu amaziona ngati maluwa pachitsambachi ndi masamba opyapyala ngati pepala amene adasintha mtundu. Duwa lenileni ndi kakang'ono, koyera, ndipo kamabisala pakati pa masambawo. Chitsambachi chimakonda dzuwa ndipo chimapirira chilala. Chikamathiriridwa mopyola muyezo chimangochita masamba obiriwira ndi minga, osaonetsa kukongola kwake.

Poinsettia, chitsamba cha masamba ofiira kunsonga, chidachokera ku Mexico. Chimafiira usiku ukayamba kutalika, n'chifukwa chake ku Ulaya ndi ku America chimatchuka pa Khirisimasi pomwe kuno chimakongola m'nyengo yozizira, makamaka mu June ndi July. Chomerachi ndi chachibale ndi nkhadze, mtengo umene anthu akhala akubzala ngati mpanda m'midzi kuyambira kale. Zonse ziwiri zimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka zikathyoledwa. Utomoni wa nkhadze ndi woopsa kwambiri ukalowa m'maso, pomwe wa poinsettia umangoyabwa pakhungu.

Si alendo onse amene adakhala pomwe adabzalidwa. Lantana, chitsamba cha timaluwa towunjikana tosinthasintha mitundu, chidachokera kumadera otentha a ku America ndipo chidafalitsidwa m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere ponseponse, ndipo chikamera chimapanga ziyangoyango zaminga zimene zimapondereza udzu ndi mitengo ing'onoing'ono. Masamba ake amaononga chiwindi cha ng'ombe. Chitsambachi chili pamndandanda wa zamoyo 100 zimene zimalanda malo kwambiri padziko lonse. M'boma ngati Chiradzulu, momwe anthu ndi ambiri ndipo minda ndi yaing'ono, malo alionse amene lantana walanda ndi msipu kapena mzere wa chimanga umene watayika.

Deliya, wa maluwa achikasu amene amadzaza m'mbali mwa misewu dzinja likamatha, nayenso adachokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Amafalikira msanga ngati lantana, koma alimi adamupezera ntchito. Masamba ake amaola mofulumira n'kusanduka manyowa, ndipo ena amawaviika m'madzi kuti apopere mbewu pothana ndi tizilombo.

Komatu ulendo wa zomera sudali wobwera kokha. Mu 1861, Bishopu Charles Mackenzie adakhazikitsa mishoni ya UMCA ku Magomero, ndipo mmodzi mwa omwe adabwera naye adali Horace Waller, yemwe ankatoleranso zomera m'maulendo ake. Mu 1868, katswiri wa zomera wa ku Kew Gardens ku London, Joseph Hooker, adatcha duwa lina la kuno ku Africa dzina loti Impatiens walleriana polemekeza Waller. Duwali limamera lokha m'nkhalango zachinyezi za kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya mpaka ku Mozambique, ndipo lero ndi limodzi mwa maluwa ogulitsidwa kwambiri ku Ulaya ndi ku America. Tsinde lake ndi lofewa, lodzaza madzi, ndipo kachipatso kake kakakhwima kamaphulika kakangokhudzidwa, n'kumwaza njere. Poti lidazolowera kunsi kwa mitengo, limafota likaikidwa padzuwa la mu October.

Zomera zina zakwathu zimene zimafuna mthunzi ndi zija pa Chingerezi amati fern, za masamba angati nthenga omwe amatuluka atapindika ngati mchira wa bilimankhwe. Zimenezi sizichita maluwa kapena kubala njere. Kunsi kwa masamba ake kumakhala timadontho takhofi momwe mumatuluka fumbi losaoneka bwino ndi maso, ndipo fumbilo likagwera ponyowa ndi pomwe moyo watsopano umayambira. Pa chifukwa ichi zimapezeka m'makwawa ndi m'nkhalango za m'mapiri monga Zomba, Mulanje ndi Chiradzulu, komwe chiperoni chimasiya chinyezi ngakhale m'chilimwe. Ku Zomba ndi ku Mulanje ina imakula n'kukhala ndi thunthu ngati mtengo.

Apa ndi pomwe pali nkhawa. Nkhalango ya phiri la Chiradzulu ndi yotetezedwa ndi boma, koma yachepa chifukwa cha kudula mitengo ndi moto wolusa. Mitengo ikatha, mthunzi ndi chinyezi zimapita nayo, ndipo zomera zofooka ngati fern zimayamba kutha. Malo otsalawo amalandidwa ndi zitsamba zolimba ngati lantana. Kuzula zomera kuphiri n'kukazibzala m'mphika kutauni kumangoonjezera vutoli, pakuti zambiri zimauma m'masabata ochepa.

Wofuna kukongoletsa pakhomo angachite bwino kufunsa wogulitsa dzina la chomera ndi komwe mbande zake zidachokera. Bougainvillea ndi poinsettia zimaphuka mosavuta kuchokera kunthambi yodulidwa ndipo zimafuna padzuwa. Impatiens ndi fern zimafuna pamthunzi ndi dothi losauma, ndipo n'koyenera kugula zofesedwa kunazale. Lantana sayenera kubzalidwa pafupi ndi munda kapena msipu. Wokaika dzina la chomera angathe kufunsa ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, bungwe limene limasunga ndi kufufuza zomera za m'dziko muno.